Mamangidwe a Buku la pa Kompyuta: Kuunika Mabuku a Chinyanja Tili ku Kabwe

1.0 Mawu Oyamba

Aphunzitsi a ziyankhulo za kuno kwathu akakumana, dandaulo lawo kawirikawiri limakhala limodzi: mabuku ndi ochepa, ndipo amene alipo ndi okwera mtengo kapena adatha kalekale m'masitolo. Mafoni a m'manja atafala, ambiri a ife tidaganiza kuti dandauloli lafika kumapeto, popeza buku limodzi likhoza kufikira ophunzira ambirimbiri popanda pepala, inki kapena galimoto yolinyamula. M'nkhani ino tikufuna kuonetsa kuti chiyembekezo chimenechi chili ndi mbali imene sitidaiganizire mokwanira. Kujambula masamba a buku ndi kuwatumiza pa foni sikukwanira kuti bukulo likhale la pa kompyuta. Limakhala lotero pamene ziwalo zake, monga mitu, ndime, mizere ya ndakatulo, mawu a anthu oyankhula ndi mawu a m'munsi, zapatsidwa zizindikiro zoti makina athe kuzisiyanitsa. Njira imeneyi akatswiri a makompyuta amaitcha structured markup; ife muno tiziitcha kuika zizindikiro za mamangidwe.

Mfundo yathu ndi yakuti kuika zizindikiro zimenezi ndi ntchito younika zolembedwa, choncho ndi ntchito ya aphunzitsi ndi akatswiri a chiyankhulo, ngakhale kuti zida zake nza amisiri a makompyuta. Tiunika magulu awiri a mabuku: Baibulo, limene lidamangidwa mosamala, ndi mabuku a nthano, a ndakatulo ndi a sukulu, amene kawirikawiri amayenda pa mafoni ngati zithunzi chabe. Dzina loti Chinyanja tikuligwiritsa ntchito pa chiyankhulo chomwe ku Malawi chakhala chikutchedwa Chichewa kuyambira 1968.

Tasankha kuyang'ana nkhaniyi tili mu mzinda wa Kabwe, m'chigawo chapakati cha Zambia, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, Kabwe ndi mzinda wosula aphunzitsi. Koleji imene idatsegulidwa kumeneko mu 1967 ndi kupatsidwa dzina la Nkrumah mu 1971 lero ndi Kwame Nkrumah University, ndipo aphunzitsi ake amatumizidwa m'dziko lonse, kuphatikizapo ku Lusaka ndi kuchigawo chakummawa kumene Chinyanja chimaphunzitsidwa. Chachiwiri, Kabwe si kwawo kwa Chinyanja. Ndi dera la Alenje, ndipo mwa ziyankhulo 7 zimene boma la Zambia lidasankha kuti ziziphunzitsidwa m'sukulu, chimene chidagwera m'tauniyi ndi Chibemba. Koma mgodi wa mtovu ndi zinki umene miyala yake idapezeka mu 1902, pamodzi ndi njanji imene idafika mu 1906, zidasonkhanitsa anthu a mitundu yambiri, ena ochokera kummawa ndi ku Nyasaland. Mgodiwo udatsekedwa mu 1994, koma kusakanizika kwa ziyankhulo kudatsala. M'malo otere, buku limene silinena kuti lili m'chiyankhulo chiti ndi m'kalembedwe kati limaonetsa msanga kufooka kwake.

2.0 Maonekedwe ndi Mamangidwe

Pofuna kumvetsa nkhaniyi nkofunika kusiyanitsa maonekedwe a buku ndi mamangidwe ake. M'buku losindikizidwa, zilembo zopendekera zikhoza kuimira zinthu zosiyanasiyana: dzina la buku lina, mawu achilendo, mawu otsindikidwa, kapena nyimbo imene mpangankhani akuimba. Wowerenga wozolowera amazindikira msanga chimene chikutanthauzidwa, koma makina amangoona kupendekera. Kuika zizindikiro za mamangidwe ndi kulemba, mkati mwa fayilo ya bukulo, kuti apa pali dzina la buku, apa pali mawu a Chibemba, apa payamba nyimbo ndipo apa yatha. Za mmene zinthuzo zidzaonekere zimasungidwa padera. Womanga nyumba amadziwa kuti khoma likhoza kumatidwa ndi kuziridwa m'njira zambiri, koma nsanamira ndi mitanda zimakhala zomwezo.

Ganizo limeneli si latsopano. Mu 1969 Charles Goldfarb, Edward Mosher ndi Raymond Lorie a kampani ya IBM adayambitsa njira yotchedwa GML, imene idabala SGML, muyezo wa dziko lonse wa mu 1986. Mu 1987 akatswiri a zolembedwa ndi a ziyankhulo adakumana ku Vassar College ku America nayambitsa Text Encoding Initiative, kapena TEI, imene malangizo ake amakhudza ndakatulo, masewero, mabuku otanthauzira mawu ndi zoyankhulidwa pakamwa. Mu 1998 mudatuluka XML, yopepukirapo kuposa SGML, ndipo mu 2007 mudatuluka EPUB, imene ndi thumba losunga mitu ya buku yolembedwa mu XHTML, malangizo a maonekedwe, ndi chikalata chimene chiyenera kutchula dzina la bukulo, nambala yolizindikiritsa ndi chiyankhulo chake.

Phindu la njirayi nlakuti kuchokera mu fayilo imodzi mukhoza kutuluka buku la pepala, buku la pa foni limene mizere yake imadziyala molingana ndi kukula kwa galasi, buku la zilembo zikuluzikulu, ndi buku la Braille la anthu osaona. Wolakwitsa liwu amakonza malo amodzi, ndipo mabuku onsewo amakonzeka.

3.0 Baibulo: Buku Lomangidwa Mosamala

Mwa mabuku onse a Chinyanja, Baibulo ndilo lapindula kwambiri ndi njira imeneyi, ndipo chifukwa chake nchakale kuposa makompyuta. Machaputala amene timawadziwa amatchulidwa kuti adakonzedwa ndi Stephen Langton kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano adasindikizidwa ndi Robert Estienne mu 1551. Choncho Buku Lopatulika la mu 1922, Malembo Oyera a mu 1966 ndi Buku Loyera la mu 1998 adalowa m'nyumba imene nsanamira zake zidaimikidwa kale. Wowerenga Baibulo safunsa nambala ya tsamba. Amafunsa chaputala ndi vesi, ndipo zimenezi sizisintha ngakhale zilembo zikule kapena zichepe.

Omasulira Baibulo masiku ano amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Paratext ndi zizindikiro zotchedwa USFM, zimene mabungwe a United Bible Societies ndi SIL amazidalira. Zizindikirozi nzosavuta: \c chimayambitsa chaputala, \v vesi, \p ndime, \s kamutu ka ndime, \q1 ndi \q2 mizere ya ndakatulo, ndipo \f mawu a m'munsi. Chifukwa cha zimenezi makina amatha kuchenjeza womasulira kuti vesi lina lasowa, kapena kuti liwu limodzi lofunika lamasuliridwa mosiyanasiyana. Zotsatira zake tonse taziona. Wophunzira wa ku Kabwe amene ali ndi foni yotsika mtengo akhoza kufufuza liwu limodzi m'Baibulo lonse, kukulitsa zilembo, ndi kuyerekeza vesi la Chinyanja ndi la Chibemba popanda kuvutika.

Komabe chimene chikutikhudza ife ngati ounika zolembedwa nchakuti zizindikirozi zimanyamula maganizo a wozilemba. Amene waika \q1 wagamula kuti chigawocho ndi ndakatulo, ndipo wowerenga adzachiwerenga ndi liwu la ndakatulo. Amene waika \s walowetsa kamutu kamene mlembi woyamba sadalembe, ndipo wanena pamene ganizo lina likuthera. Chizindikiro cha \wj, cholozera mawu a Yesu, chimakakamiza mkonzi kugamula nkhani imene akatswiri amasiyanapo maganizo, monga pa Yohane 3, pamene sipadziwika bwino kuti mawu a Yesu akuthera pati ndipo a mlembi akuyambira pati. Chizindikiro cha \nd chimaloza dzina la Mulungu, limene Buku Lopatulika limalilemba kuti Yehova pamene Buku Loyera limati Chauta. Makina akhoza kulumikiza mayina awiriwa chifukwa munthu wodziwa adanena kuti ndi chinthu chimodzi. Zonsezi ndi zigamulo za womasulira ndi wounika, zolembedwa m'chiyankhulo cha makina.

Pali chotsatira china chimene tiyenera kuchidera nkhawa. Popeza mavesi a Baibulo amafanana manambala m'ziyankhulo zambirimbiri, opanga zida zomasulira ndi zowerengera mawu akhala akudalira kwambiri Baibulo ndi mabuku ena a mipingo pophunzitsa makina ziyankhulo za mu Afrika. Chinyanja cha m'Baibulo nchabwino, koma ndi mbali imodzi chabe ya chiyankhulochi. Ngati mabuku ena sadzamangidwa, makina adzadziwa Chinyanja cha pa guwa koma osadziwa cha pa bwalo, cha pa msika ndi cha pa mtondo.

4.0 Mabuku Ena: Zithunzi za Masamba

Chinyanja chili ndi mabuku olemera kuyambira kale. Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara, lidatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934. Pambuyo pake padabwera mabuku monga Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe ndi Ntchito za Pakamwa la E. J. Chadza, ndiponso mabuku ambiri amene adatuluka ku Lusaka kudzera ku Northern Rhodesia and Nyasaland Publications Bureau, kenaka ku NECZAM. Buku la mtundu umenewu, kapena buku la sukulu, likafika pa foni, mphunzitsi aliyense akudziwa mmene limafikira: wina wajambula masamba limodzilimodzi, nawasonkhanitsa mu fayilo ya PDF, naitumiza kwa anzake.

Sitikunyoza amene amachita zimenezi, pakuti akuzimitsa moto ndi madzi amene ali nawo. Sitikunenanso kuti PDF njoipa mwa iyo yokha. Kampani ya Adobe idaitulutsa mu 1993 ndi cholinga chosunga maonekedwe a tsamba, ndipo ntchito imeneyo imaigwira bwino. Ingathenso kunyamula zizindikiro za mamangidwe ngati woikonza wasamala. Koma chithunzi cha tsamba chili ndi zofooka zinayi. Sungafufuzemo liwu. Pa galasi laling'ono wowerenga ayenera kukoka tsamba uku ndi uku pa mzere uliwonse. Fayiloyo imalemera, ndipo imadya ndalama za intaneti za wophunzira. Kwa munthu wosaona, amene amadalira pulogalamu yowerenga mokweza, chithunzicho chili ngati tsamba lopanda kanthu.

Chofooka chachisanu nchachikulu kwa ofufuza. Wojambula kawirikawiri amadumpha tsamba loyamba, limene limanena za wosindikiza, chaka, ndi ngati bukulo lidakonzedwanso. Pa mfundo imeneyi mbiri ya Kabwe yomwe ikutiphunzitsa. Chigaza chotchuka cha munthu wakale chidapezeka mu mgodi wa Broken Hill mu 1921 ndi kutumizidwa ku London, koma phanga limene chidapezekamo lidakumbidwa lonse pofuna miyala. Popeza malowo adawonongeka, akatswiri adatsutsana za msinkhu wake kwa zaka pafupifupi 100, kufikira kafukufuku wa mu 2020 amene adati chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Chigaza chidasungika, koma umboni wa pomwe chidagona udatayika. Buku loyenda popanda mbiri yake lili chimodzimodzi: mawu alipo, koma wofufuza kusintha kwa chiyankhulo sangadziwe ngati liwu lina nla mlembi wa mu 1933 kapena nla mkonzi wa pambuyo pake. Malangizo a TEI salola fayilo kukhala yopanda chigawo cha kumutu chofotokoza gwero lake, ndipo lamulo limeneli tiyenera kulitenga kukhala lathu.

Aphunzitsi ena amakana EPUB ponena kuti ilibe manambala a masamba, choncho m'kalasi momwe ena ali ndi buku la pepala ndipo ena ali ndi foni, mphunzitsi sangathe kunena kuti onse atsegule tsamba 42. Dandauloli nlomveka, koma yankho lake lili m'zizindikiro zomwezo. EPUB imalola kuika chizindikiro pamene tsamba la buku la pepala lidathera, ndi kupanga mndandanda wa masambawo. Ngati chizindikirocho mulibe, cholakwa ncha wokonza, amene sadaganizire za mphunzitsi.

5.0 Chiyankhulo ndi Kalembedwe

Chizindikiro chochepa koposa, koma chofunika koposa m'mzinda ngati Kabwe, ncha chiyankhulo. Pa muyezo wa dziko lonse Chinyanja chimaimiridwa ndi ny, Chibemba ndi bem, Chilenje ndi leh, Chingerezi ndi en. Fayilo ya Chinyanja ikasiyidwa ndi chizindikiro cha en, monga momwe zimakhalira wokonza akapanda kusintha zimene pulogalamu idabwera nazo, makina amayesa kuwerenga Chinyanja ndi katchulidwe ka Chingerezi, ndipo amadula mawu kumapeto kwa mzere motsata malamulo a Chingerezi, nkutheka kulekanitsa zilembo zimene zimaimira liwu limodzi, monga ng' kapena tch.

Koma ny payekha sakwanira. Malawi ndi Zambia ali ndi malamulo osiyana a kalembedwe. Ku Malawi bungwe la Chichewa Board lidatulutsa malamulo ake mu 1973, ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Ku Zambia unduna wa zamaphunziro udavomereza kalembedwe ka ziyankhulo 7 mu 1977. Kusiyana kodziwika koposa nkwakuti pamene Malawi amalemba ch, Zambia amalemba c, ndipo pamene Malawi amalemba tch, Zambia amalemba ch. Motero zilembo zoti kucha zili ndi matanthauzo awiri. Kwa Mmalawi zikunena za kutuluka kwa dzuwa. Kwa wotsata kalembedwe ka Zambia zikunena za kupereka dzina kapena kuika msampha, pakuti kutuluka kwa dzuwa iye amalemba kuti kuca. Wofufuza amene wasonkhanitsa mabuku a maiko awiriwa popanda chizindikiro chosiyanitsa adzawerengera mawu awiriwa ngati amodzi. Ngakhale m'Kabwe momwemo, dzina la dera la Bwacha, limene m'Chibemba likufanana tanthauzo ndi Kwacha, limalembedwa ndi ch, pamene mwana wa sukulu amaphunzitsidwa kulemba liwu lomwelo ndi c.

Njira yothetsera vutoli ilipo kale. Tikhoza kulemba ny-MW ndi ny-ZM posiyanitsa maiko. Ajeremani adapitirira pamenepa nalembetsa de-1901 ndi de-1996 posiyanitsa kalembedwe kawo kakale ndi katsopano, ndipo palibe chotiletsa ife kupempha zizindikiro zotero za malamulo a 1977 kapena a 1990. TEI nayo imalola kusunga kalembedwe ka mlembi pamodzi ndi kalembedwe kena, motere:

<choice><orig>kuca</orig><reg>kucha</reg></choice>

Pano wowerenga wa ku Chipata akhoza kuonetsedwa liwu loyamba, wa ku Dedza lachiwiri, ndipo wofufuza akhoza kuona onse awiri. Kwa zaka zambiri takhala tikuganiza kuti msika umodzi wa mabuku a Chinyanja udzatheka pokhapokha maiko atagwirizana kalembedwe kamodzi, monga mmene bungwe la CASAS la ku Cape Town lidayesera kulimbikitsa mu 2001. Zizindikiro za mamangidwe zikutsegula njira ina: buku limodzi likhoza kuvala kalembedwe kawiri popanda mbali ina kugonja.

Chizindikiro cha chiyankhulo chimagwiranso ntchito pa liwu limodzi kapena chiganizo chimodzi. Tiyerekeze kuti mlembi wa ku Kabwe walemba nkhani imene mayi wogulitsa pa msika akuitanira malonda m'Chibemba, akudzudzula mwana wake m'Chinyanja, ndipo akutchula mtengo m'Chingerezi. Mkonzi ayenera kugamula kuti ndi mawu ati amene ndi achilendo ndipo ndi ati amene adakhazikika kale m'Chinyanja cha m'tauni. Akaika chizindikiro cha Chingerezi pa liwu ngati sukulu kapena buledi, walakwira mbiri ya chiyankhulo. Akasiya chiganizo chonse cha Chibemba popanda chizindikiro, wabisa luso la mlembi. Funso limeneli mmisiri wa makompyuta sangaliyankhe, chifukwa nla katswiri wa chiyankhulo.

Pali nkhani ina yapachibale, imene si ya mamangidwe kwenikweni koma imayendera limodzi. Chilembo cha ŵ, chimene makina ambiri otayipira adalibe, chili mu Unicode pa nambala U+0175, choncho palibenso chifukwa chochisiyira pokopera buku limene mlembi wake adachigwiritsa ntchito. Kachizindikiro ka mu ng' nako kamalembedwa ndi zilembo za makina zosiyanasiyana zooneka mofanana, kotero kuti wofufuza liwu loti ng'ombe akhoza kupeza ena mwa malo amene liwulo lili ndi kuphonya ena. Kusankha njira imodzi ndi kuitsata nkofunika.

6.0 Zoyankhulidwa Pakamwa

Mayeso aakulu a zizindikiro zilizonse ndi zolembedwa zochokera pakamwa. Chitsanzo chabwino ndi nthano za Julius Chongo, zimene zinkamveka pa wailesi ya Zambia m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo zina mwa izo Ernst Wendland adazisindikiza ku Lusaka mu 2004. Chongo ankayankhula yekha m'malo mwa anthu onse a m'nthano, akusintha liwu, akufulumira, akukhala chete, akuponya mivekero. Pepala limasunga mawu ake koma limavutika kusunga zonsezi. TEI ili ndi zizindikiro zothandiza pano: u cholozera woyankhula, pause cholozera kukhala chete, shift cholozera kusintha kwa liwu, ndi vocal cholozera kuseka kapena kubuula. Ndi zimenezi, mzere uliwonse ukhoza kulumikizidwa ndi mphindi yake pa tepi, ndipo wophunzira angawerenge uku akumva.

Komabe zizindikiro za TEI zidakulira pa zolembedwa za ku Ulaya, monga momwe za USFM zidakulira pa Baibulo. Mulibe chizindikiro chokonzeratu cha mvekero, kapena cha yankho limene omvera amaponya pakati pa nthano, kapena cha kusinthana kwa wotsogolera nyimbo ndi ovomera. Tikhoza kubwereka zizindikiro za sewero, koma tikatero tikunena kuti omvera nthano ndi ampangankhani, zimene si zoona kwenikweni: iwo ali kunja kwa nkhani koma ali mkati mwa chochitikacho. Mwayi wake ngwakuti TEI imalola gulu lililonse kuwonjezera mayina ake ndi kuwafotokoza. Mayinawo tili nawo kale m'makalasi athu: mwambi, chining'a, ndagi, mvekero, nthano.

Koma kukhala ndi mayina sikuthetsa mtsutso. Mawu oti watsamira mkono, onena za munthu womwalira, ambiri angavomere kuti ndi chining'a. Nanga mwambi umene mpangankhani wangotchula theka lake, podziwa kuti womvera amaliza yekha? Nanga m'madera momwe liwu loti mwambi limatanthauzanso nthano? Mphunzitsi amene akufuna kutulutsa miyambi yonse ya m'buku la Gwengwe ndi kudina kamodzi adzalandira miyambi imene woika zizindikiro adaizindikira, osapitirira pamenepo. Ngati woikayo adali wosadziwa, kusadziwa kwake kudzabisala mkati mwa fayilo ndi kufalikira m'makalasi onse. Wounika amene walakwitsa m'nkhani yosindikizidwa akhoza kuyankhidwa chifukwa dzina lake lili pamwamba. Nchifukwa chake tikuti fayilo iliyonse izitchula amene adaika zizindikiro ndi mfundo zimene adatsata.

7.0 Zimene Ena Anganene Potsutsa

Ena adzati ntchitoyi njokwera mtengo kwa osindikiza amene akuvutika kale kugula pepala. Nzoona kuti kuika zizindikiro kumadya nthawi. Koma buku latsopano lililonse limalembedwa kale pa kompyuta, ndipo kusiyana kwa mlembi amene wasankha chizindikiro cha mutu ndi amene wangokulitsa zilembo ndi kwa chizolowezi chabe. Mtengo waukulu umabwera pambuyo pake, pamene buku liyenera kutayipidwanso lonse chifukwa fayilo yake idatayika kapena idasungidwa m'pulogalamu imene idatha ntchito.

Ena adzati buku lomangidwa bwino nlosavuta kuba. Nkhawa ya alembi ndi osindikiza pa umwini njoyenera, ndipo palibe dipatimenti yoyenera kufalitsa buku la munthu popanda chilolezo. Koma zithunzi za masamba zikufalikira kale popanda chilolezo ndiponso popanda dzina la wosindikiza. Buku loyera, lopepuka ndi lotsika mtengo ndilo lingapikisane nazo. Komanso pangano la ku Marrakesh la mu 2013 lidakonzedwa kuti anthu osaona azipeza mabuku m'njira zowayenera, ndipo cholinga chimenechi chimakwaniritsika mosavuta pamene buku lili ndi mamangidwe omveka.

Ena adzatinso zizindikiro zimaumitsa chinthu chimene chiyenera kukhala chofewa, pogawa nthano m'timabokosi. Chenjezo limeneli tikulilandira. Yankho lathu nlakuti tiziika zizindikiro zochepa zimene tingathe kuziteteza, ndipo pamene akatswiri akusiyana maganizo tizilemba kusiyanako m'malo mokubisa.

8.0 Mawu Omaliza

Taona kuti Baibulo la Chinyanja likuyenda bwino pa mafoni chifukwa anthu odziwa chiyankhulo ndi tanthauzo adakhala pansi nagamula za mamangidwe ake, pamene mabuku ena akuyenda ngati zithunzi zopanda mbiri. Taonanso kuti kalembedwe kosiyana ka Malawi ndi Zambia, kusakanizika kwa ziyankhulo m'mizinda ngati Kabwe, ndi chikhalidwe cha zoyankhulidwa pakamwa, zonse zikufuna zigamulo zimene ndi ife tokha tingazipange.

Tikupereka maganizo anayi. Choyamba, madipatimenti a ziyankhulo a ku Zomba, Lusaka ndi Kabwe, pamodzi ndi Centre for Language Studies imene idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, agwirizane pa mndandanda waufupi wa zizindikiro za zolembedwa za Chinyanja, wofotokozedwa m'Chinyanja. Chachiwiri, wophunzira uphunzitsi aliyense apatsidwe nthano imodzi kapena ndakatulo imodzi kuti aiikire zizindikiro ndi kufotokoza zifukwa zake, pakuti amene wafunsidwa kuti mzere uno ukuthera pati ndipo akuyankhula ndani amawerenga mosamala kuposa amene wangofunsidwa phunziro la nkhaniyo. Chachitatu, osindikiza azisunga fayilo yoyambirira ya buku lililonse, yokhala ndi chaka, chiyankhulo ndi malamulo a kalembedwe amene adatsatidwa. Chachinayi, pokopera mabuku akale, kalembedwe ka mlembi kasungidwe monga kalili, ndipo kalembedwe katsopano kaikidwe pambali pake.

Ntchitoyi ingayambe ndi buku limodzi lalifupi limene mwini wake wavomera, mphunzitsi mmodzi, ndi kalasi imodzi ya ophunzira uphunzitsi.